Ejenti wonyamula zakudya za m'firiji pa sitima: kawiri anandisangalatsa, kachitatu anandibisa mawu

Kwa zaka zingapo ndinkagula nsomba ndi nkhuku zoundana kwa anthu amene anali atazifikitsa kale kuchokera kunja. Chaka chatha ndinati basi, ndiziitanitsa ndekha. Ndinapeza kampani ina ya maejenti yomwe imakonza zonse zapanyanja: kupeza malo pa sitima, kutulutsa kontena ya firiji, ndi kuyendetsa zikalata. Ndatumiza nawo makontena atatu a mafiti 40, yoyamba ya nsomba za mackerel, yachiwiri ya nkhuku, yachitatu ya maapulo. Zomwe ndikulemba pano ndi zomwe ndinaona ndi maso anga.

Tsiku loyamba mayi amene anandilandira sanayambe ndi mtengo. Anandifunsa kuti, "Bambo, katundu wanu adzalowa mu kontena ali pa madigiri angati?" Ine ndinayankha kuti si nkhani, poti kontenayo ndi firiji, ikaziziritsa yokha m'njira. Anapukusa mutu. Anati kontena imeneyi, yomwe iwo amaitcha reefer, ntchito yake ndi kusunga kuzizira komwe katundu wabwera nako. Nsomba ziyenera kulowa zitaundana kale mpaka m'kati, pa madigiri 18 pansi pa ziro kapena kutsikirapo. Ukalowetsa zofunda, makina amalimbana nazo masiku ambiri ndipo zapakati zimayamba kuwonongeka zakunja zikuoneka bwino. Pamenepo ndinadziwa kuti ndafika kwa anthu odziwa ntchito yawo.

Anatenga pepala nkundijambulira momwe mpweya umayendera. Makina amaupopera pansi, umadutsa m'timingalande ta chitsulo ta pansi pa kontena mpaka kuchitseko, nkukwera, nkubwerera chakudenga. Nchifukwa chake m'kati muli mzere wofiira pakhoma: katoni ikapitirira mzerewo, yatseka njira ya mpweya. Zoundana zimapakidwa mothinana ngati chimwala chimodzi kuti mpweya uzingozizungulira, ndipo timawindo tolowetsa mpweya wakunja timatsekedwa. Zipatso nzosiyana. Chipatso chothyoledwa chimapumabe, chimatulutsa kutentha ndi mpweya wa ethylene womwe umapsetsa zinzake, choncho makatoni ake amafunika mabowo oyang'anizana ndipo timawindo tija timatsegulidwa pang'ono. Maapulo amafuna kuzizira koyandikira ziro, pomwe nthochi zimayenda pa madigiri 13 kapena 14, ukazitsitsa kwambiri khungu limada. Ndiye maganizo anga oti tsiku lina ndidzasakanize zipatso zosiyanasiyana mu kontena imodzi anathera pa tebulo lomwelo.

Nkhani ya mpweyayi si yatsopano. Mu 1882 sitima ya Dunedin inanyamula nyama ya nkhosa youndana kuchokera ku New Zealand kupita ku London, ulendo wa masiku 98. Itafika kumadera otentha, mpweya wozizira unasiya kuzungulira bwino, ndipo kaputeni wake, John Whitson, anakwawira yekha m'chipinda chozizira kukaboola mabowo ena, mpaka anatsala pang'ono kufa ndi chisanu. Nyama inafika yabwino. Ndimaikumbukira nkhaniyi nthawi zonse ndikaona wopakira akufuna kukankhira katoni imodzi yowonjezera pamwamba pa mzere wofiira.

Pa makontena awiri oyamba ndilibe chodandaula. Asanatulutse kontena ananditumizira umboni woti makina ayesedwa. Anandilangiza kugula tizipangizo tiwiri tolemba kuzizira ulendo wonse, kamodzi kuika pakati pa katundu, kena pafupi ndi chitseko, komwe kumafunda msanga. Pa zikalata anali atcheru: anaona kuti nambala ya fakitale pa chikalata cha zaumoyo ikusiyana ndi ya pa makatoni a nkhuku, nkuikonzetsa sitima isananyamuke. Chikanafika choncho ku kasitomu, kontena ikanakhala padoko milungu. Tsiku lotsegula ya nsomba ndinaima kuchitseko ndekha. Utsi woyera wa chisanu unatulukira m'miyendo, ndinang'amba katoni ya mzere womaliza, nsomba zili gwa ngati nkhuni, kuzigogoda zikulira. M'pulasitiki munalibe timiyala ta ayisi tomwe timaoneka katundu akasungunuka nkuundananso. Ndinapita kunyumba mtima uli m'malo.

Ya maapulo ndiye inandiwawa.

Kumapeto kwa 2023 sitima zambiri zinayamba kupewa nyanja ya Red Sea nkumazungulira ku Cape of Good Hope, kumwera kwa Africa, zomwe zinkawonjezera masiku khumi kapena kuposerapo ndi kusokoneza ndandanda za madoko ambiri. Zimenezo si mlandu wa ejenti, ndipo anandichenjeza. Chomwe sanandiuze nchoti kontena yanga idzatsitsidwa padoko lina lapakati kudikira sitima yachiwiri. Inaphonya sitimayo nkukhala pamenepo masiku asanu ndi anayi. Ndinkaimba foni tsiku ndi tsiku, yankho limodzimodzi: "Katundu ali m'njira, bwana, musadandaule." Kontena ya firiji ilibe moyo wake wokha. Pa sitima imadya magetsi a sitima, padoko imafunika kulumikizidwa, pa thiraki imafuna jenereta. Pakati pa malo amenewa pali maola omwe imakhala yozima, ndipo pamafunika munthu wokumbukira kuilumikiza.

Itafika, ndinatsegula kachipangizo ka kuchitseko pa kompyuta. Mzere unali chigonere pa digiri imodzi kwa milungu, kenako unakwera phiri kwa maola 19, nkutsikanso. Tsiku lake linali lomwe lija kontena inatsitsidwa padoko lapakati. Maapulo a m'kati anapulumuka, koma a mapaleti awiri a kuchitseko anali atafewa, ukawadina chala chimasiya dzenje, ena atayamba kufiirira m'kati. Ndinawagulitsa motchipa kwa opanga juwisi.

Apa mpamene ndinaphunzira kuwerenga timalemba ting'onoting'ono. Inshuwalansi zambiri za zakudya za m'firiji zimalipira makina akaima kwa maola 24 otsatizana, ndipo yanga inali ya mtundu umenewo. Maola 19 sanakwane. Kampani ya sitima nayo imatetezedwa ndi malamulo ngati a Hague-Visby, omwe amaika malire pa ndalama yomwe ingalipire pa kilogalamu kapena pa phukusi. Ejenti anandithandiza kulemba chidandaulo ndi kuitana woyesa katundu tsiku lomwelo, ndipo pa zimenezo ndimuyamika. Koma mayi yemwe anandijambulira mpweya mwaluso chonchija akanatha kundiuza za maola 24 ndisanasaine. Nditamufunsa anati, "Pepani bambo, timaganiza kuti mukudziwa." Kupepesako ndinakulandira, ngakhale sikunabweze maapulo.

China choti muyang'anitsitse ndi ndalama zapadoko lofikira. Masiku aulere, omwe kontena imakhala padoko osalipira, amakhala ochepa pa kontena ya firiji kusiyana ndi a kontena wamba, ndipo kuwonjezera pa chindapusa chochedwetsa umalipiranso magetsi a tsiku lililonse. Zinalembedwa pa pepala la mtengo, inde, koma kumunsi kwenikweni. Funsani kuti masikuwo ndi angati ndipo ayamba kuwerengedwa liti.

Kodi ndingawalimbikitse kwa mnzanga? Pa zoundana, eya, mosakayika, chifukwa katundu woundana bwino amapirira maola angapo opanda magetsi ndipo anthuwa zikalata amazidziwa. Pa zipatso, pokhapokha ngati mnzangayo ali wokonzeka kuwafunsa mafunso mpaka atope naye. Ine ndabukitsa nawo kontena yachinayi, ya malalanje. Ulendo uno ndawalembetsa pa pepala dzina la doko lililonse lomwe kontena idzatsikire, ndasankha kampani ya sitima yomwe imaonetsa kuzizira kwa kontena pa intaneti ulendo uli m'kati, ndipo ndasintha inshuwalansi. Mayi uja walonjeza kuti kontena ikangotsika padoko lapakati anditumizira uthenga woti yalumikizidwa, ndi ola lake. Tizipangizo tanga tiwiri ndagula kale, tili mu diloo ya desiki kudikira tsiku lopakira.