Kachikwama koziziritsa insulin kanandithandiza ku Gold Reef City

Nyenyezi 4 mwa 5. Ndinakagula pa famase kuno ku Johannesburg ana atandikakamira kuti holide ya Disembala tipite ku Gold Reef City, malo achisangalalo okhala ndi zokwera zosiyanasiyana. Ine ndi wa shuga, ndimadzibaya insulin ya pen (jakisoni wooneka ngati cholembera) nthawi ya chakudya, komanso ndimamwa mapilitsi a BP aja a hydrochlorothiazide omwe adokotala anandichenjeza kuti amachititsa khungu kupsa msanga padzuwa. Ndiye tsiku lonse panja, pamizere, dzuwa la Joni lomwe limawotcha ngakhale kukuwomba kamphepo poti mzindawu uli pamtunda wopitirira mamita 1,700, nkhawa inalipo ndithu.

Kagwiritsidwe kake nkosavuta. Mkati muli timibulu touma, mumakaviika m'madzi ozizira kwa mphindi ngati 10, timibuluto timafufuma nkukhala ngati jeli, mukapukute ndi tawulo, muikemo pen, basi. Sikafuna batire, sikafuna ayisi. Kamazizira chifukwa madzi aja amauma pang'onopang'ono, ngati mmene mtsuko wadothi umaziziritsira madzi kumudzi. Nchifukwa chake kamafuna mpweya, musakatsekere mu jumbo kapena mu kontena, mukatero kasiya kugwira ntchito. Ine ndinakaika m'kathumba ka neti kam'mbali mwa chikwama chakumsana, mbali yomwe sikuwomba dzuwa.

Chomwe ndinkafuna ndi chimodzi, insulin isapitirire madigiri 30, poti pen yomwe mwayamba kale kugwiritsa ntchito imakhala bwino kunja kwa filiji masiku 28 bola isatenthe kupitirira pamenepo (mitundu ina imasiyana, werengani kapepala ka m'bokosi lanu). Tili pamzere wa Anaconda, chimodzi mwa zokwera zikuluzikulu za kumeneko, zitsulo zogwirira zikutentha zosakhudzika, ndinapisa dzanja kukhudza pen ija ndipo inali yozizirira bwinobwino, mtima unakhala pansi. Ndinabaya tisanadye, shuga anatsika mmene amatsikira masiku onse. Anzanga ena amaika pen mu cooler box pamwamba pa ayisi, chonde musamatero, insulin ikaundana yatha ntchito ngakhale isungunuke, ndipo ndi maso simungadziwe nthawi zonse.

Koma kachikwamaka kamateteza mankhwala okha, thupi lanu muzisamala nokha. Kukatentha komanso mukuyendayenda, insulin imalowa m'magazi msanga ndipo shuga atha kugwa mwadzidzidzi muli pakati pa mzere, ndiye maswiti ndi kabotolo ka juwisi zikhale m'thumba mwanu, osati m'chikwama chomwe mwasiyira wina mukukwera. Ndinkayeza shuga pafupipafupi kuposa kunyumba. Za khungu, ndinadzola sunscreen (mafuta oteteza khungu ku dzuwa) ya SPF 50 tisananyamuke nkumabwereza maola awiri aliwonse, malaya a manja aatali opepuka, chipewa chachikulu chokhala ndi chingwe cha pachibwano. Ife akuda timakonda kunena kuti dzuwa silitipsereza, koma ndi mapilitsi amenewa khosi ndi kuseri kwa manja zimayabwa nkutuluka timatuza tofiira. Dzuwa litafika paliwombo ndinawasiya ana ndi bambo awo ine nkukakhala pamthunzi, zokwera zikuluzikulu tinakwera m'mawa ndi chakumadzulo.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha izi. Kakakhalitsa m'madzi kamatupa kwambiri moti pen imalowa movutikira, ndipo kuti kaphwe pamatenga masiku. Nsalu yakunja imakhala ya chinyezi, musakagundanitse ndi tima strip toyezera shuga kapena foni. Ka ine kamalowa ma pen awiri okha, singano ndi kabotolo kotayamo zogwiritsidwa kale ntchito zimafuna malo ake. Ndinatenganso bokosi la mankhwala lokhala ndi sitika ya ku famase kuti pogeti akamayang'ana m'zikwama pasakhale zofotokoza zambiri.

Komanso dziwani kuti si filiji aka. Ngati jakisoni wanu ndi wa mtundu wofunika kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8 nthawi zonse, kapena ndi insulin yosatsegula yomwe mukusungira miyezi ikubwerayi, musadalire kachikwamaka, funsani a famase akuuzeni chonyamulira choyenera.