Nyemba zogona pamoto za mayi wa ku Nchalo

Mkazi wanga ndiye anamva za mayiyu kwa anzake a ku banki m'khonde. Mayiyu amakhala kuseri kwa msika wa Nchalo. Anagwirapo ntchito ya m'nyumba kubanja lina la Chiyuda ku Johannesburg, ndipo masiku ano amaphikira zakudya zomwe anaphunzira kumeneko aliyense woitanitsa. Chikwangwani palibe, mipando ya alendo palibenso. Mumawauza Lachinayi, Loweruka n'kupita ndi mbale zanu.

Ine poitanitsa ndinanyamula mlamba wouma wa ku Elephant Marsh, ndimati auponyemo ndiwo zikome. Anaseka. “Achimwene, uyu mukadyere kwanu, mumphika uwu salowa.” Anati Ayuda amadya nsomba yokhala ndi zipsepse ndi mamba yokha, monga zinalembedwa pa Levitiko 11. Makakana amaloledwa, koma mlamba poti ndi woterera ayi. Mutu womwewo wa Levitiko umalola dzombe, chinthu chomwe chinandisangalatsa kwambiri.

Chimene ndingakutumeni kuti mukagule ndi cholent. Ayuda osunga mwambo sakoleza moto pa Sabata, kuyambira Lachisanu dzuwa likamalowa mpaka Loweruka madzulo, choncho mphika amautereka kusanade n'kuusiya uzinyenyera usiku wonse kuti masana a Loweruka adye chotentha. Mayiwa amaikamo nyemba, mbatatesi, anyezi wokazinga mpaka kufiira, nyama yambuzi ya mafupa ndi mazira osasenda. Kumene anaphunzira amathiramo balere, koma iwo amaika mapira a konkuno, ndipo sindikuona chimene chinasowa. Amavundikira bwino, n'kukwirira makala ndi phulusa mu uvuni wawo wa njerwa.

Nditavundukula kunyumba, ana anasiya mpira panja. Nyemba zinali zitasungunuka n'kukhala msuzi wokhuthala wofiirira, nyama ikuchoka yokha pafupa. Choyera cha dzira chinasanduka chakhaki, ndiye mwana wanga wamng'ono anakana poyesa kuti laola, koma ataona mkulu wake akumaliza lachiwiri analira. Mkazi wanga anaphikabe nsima, akuti popanda iyo tigona ndi njala. Inatsala theka. Chenjezo langa ndi lakuti chakudyachi chinakulira kumaiko ozizira a ku Ulaya. Mukachidya masana a Novembala kuno ku chigwa, thukuta lake ndi la munthu wodula nzimbe. Ulendo wina ndidzadikira Juni.

Buledi wawo woluka, challah, ndi wofewa, wa mazira, wotsekemera pang'ono, pamwamba owaza chitowe. Chitowe chomwechi timalima n'kugulitsa kwa mavenda osachilawa n'komwe! Sagulitsa mmodzi, amati awiri basi, pokumbukira mana amene ankagwa owirikiza tsiku lachisanu ndi chimodzi m'chipululu. Saikamo mkaka kapena batala chifukwa amadyera limodzi ndi nyama, ndipo Ayuda sasakaniza ziwirizi. Mtengo wa mmodzi ukuposa buledi awiri a m'golosale, koma mazira mukuwamva pakamwa. Vuto ndi kutentha kwathu kuno: wachiwiri tinamusunga mpaka Lachiwiri, anali atayamba nkhungu.

Zomwe sizinandikomere ndi latkes, tizitumbuwa ta mbatatesi yopala ndi anyezi, tomwe amadya pa chikondwerero cha Hanukkah cha masiku 8 chimene nthawi zambiri chimagwa mu Disembala. Mwina cholakwa ndi changa. Anandiuza kuti tidyere pompo, ine n'kutikulunga mu jumbo n'kukwera minibasi ya ku Ngabu. Pofika tinali titalefuka, mafuta okhaokha. Komabe mchere unachepa, pamenepo minibasi ilibe mlandu.

Chinanso, mayiwa sasunga nthawi. Anati ndifike 11 koloko, ndinakhala pansi pa mtengo wa nimu mpaka cha m'ma 1, iwo ali ku mjigo. Lamya yawo imakhala yozima kawirikawiri.

Ndinawafunsa ngati chakudya chawo chili kosher, kutanthauza chololedwa pa malamulo a zakudya a Chiyuda. Anapukusa mutu. Nyama amainyika m'madzi n'kuithira mchere wambiri kuti magazi achoke, monga anaphunzirira, koma mbuziyo amagula ku butchala wamba, pamene mwambo umafuna yozingidwa ndi munthu wophunzitsidwa ntchitoyo. “Myuda weniweni sangadye pano, ine ndimangophika momwe ndinaonera.” Kuyankha kumeneko kunandichititsa kuwakhulupirira.

Ndawauza kale kuti nyengo ya Pasaka adzandiphikire matzah, mkate wopanda chotupitsa uja, ufa wa tirigu ndi madzi basi, womwe uyenera kupsa mphindi 18 zisanathe chithirireni madzi. Anandiyang'ana n'kunena kuti ndidzabwere ndi tiyi wambiri. Mlamba uja tinadyera nsima ya mapira Lamulungu.