Katemera kapena mapiritsi: mtengo wothana ndi mliri wa matenda oumitsa khosi

Mliri ukabuka kumaiko ngati Niger, mapiritsi a ciprofloxacin ndiwo otchipa: munthu amamwa kamodzi kokha kuti adziteteze, mapiritsiwa safuna firiji kapena jakisoni, ndipo amayamba kugwira ntchito tsiku lomwelo. Koma chitetezo chake n'cha kanthawi chabe, komanso kugawa mapiritsi mudzi wonse kungachititse tizilombo kuyamba kupirira mankhwala.

Katemera amadya ndalama zambiri poyamba. Katemera wa matendawa wotchedwa MenAfriVac, amene anayambira ku Burkina Faso mu 2010, ankagulidwa pamtengo wosafika masenti 50 a ku America, komatu pamwamba pake pali mafuta a galimoto, anamwino ndi mafiriji. Thupi limatenganso masiku pafupifupi khumi kuti litetezeke. Komabe ine ndingasankhe katemera, chifukwa amateteza kwa zaka. Mapiritsi akhale a apabanja a munthu amene wadwala.