Ufa wa moringa ndawagulira mayi anga a shuga, nazi zomwe ndaona pa miyezi itatu

Mayi anga anawapeza ndi matenda a shuga zaka zinayi zapitazo, amamwa metformin m'mawa ndi madzulo. Ndiye mu Juni ndinalowa kashopu kena ka zitsamba mtauni muno kukagula uchi, mtsikana wa pakauntala nkuyamba kundinyengerera kuti achimwene tengani moringa uyu, shuga imatheratu, BP imatheratu, makasitomala ena mpaka anasiya mapilisi. Ndinagula paketi imodzi koma mawu oti anasiya mapilisiwo akundiwawabe mpaka lero.

Ufawo pawokha ndi wabwino, ndisaname. Ndi wobiriwira bwinobwino kusonyeza kuti masamba anaumitsira pamthunzi, mukaona wofiirira dziwani kuti anayanika padzuwa ndipo mavitamini ambiri apita. Ndi wosalala, mulibe mchenga kapena timitengo, kungoti umawawira pang'ono ndi kafungo ka udzu. Mayi atauona anati aka si cham'mwamba aka? Kwathu ku Chikwawa mtengowu uli paliponse, masamba ake timaphika ndiwo zotendera, anadabwa kuti zafika pogulitsidwa m'mapaketi.

Timathira kasupuni kamodzi ka tiyi mu phala la mgaiwa. Sabata yoyamba ndinkathira tiwiri, anatsegula m'mimba masiku awiri, tinachepetsa ndipo zinasiya.

Tsopano nkhani ya shugayo. Tili ndi kamakina koyezera kunyumba ndipo ndimalemba manambala mu kope m'mawa uliwonse asanadye. Kale imasewera m'ma 160, pano imakhala m'ma 140. Yatsika inde koma nthawi yomweyomweyo mayi anasiya kuthira shuga mu tiyi, anasiya zoziziritsa kukhosi, nsima ya ufa woyera tinasintha nkuyamba mgaiwa komanso madzulo amayenda kukafika kumsika ndikubwerera, ndiye ndingakhale wabodza nditati ndi moringa yekha wachita zimenezi. Komanso kuchipatala amati munthu asanadye ikafika 126 kupita m'mwamba ndiye kuti ndi matenda a shuga, ndiye 140 sikuchira ayi. Kafukufuku wambiri wosonyeza kuti moringa amatsitsa shuga anachitika pa makoswe, wa pa anthu ndi wochepa ndipo amakhala wa kagulu kakang'ono kwa masabata owerengeka. Chomwe masambawa ali nacho chenicheni ndi ayironi, kashiyamu, vitamini A ndi mapuloteni, ngati chakudya ndi abwino zedi.

Inu amene makolo anu amamwa mapilisi a shuga a glibenclamide kapena amabaya insulin, chonde auzeni adokotala kaye musanayambe kuwapatsa moringa, mankhwala amenewo amatha kugwetsa shuga kwambiri munthu nkuyamba kunjenjemera, thukuta, chizungulire mpaka kukomoka. Mizu ndi makungwa ake amayi oyembekezera asayerekeze.

China chomwe sichinandisangalatse, papaketi palibe tsiku lothera ntchito, palibe chizindikiro cha MBS (bungwe la boma loona za miyezo ya katundu), muyezo wake sanalembenso, angolemba mndandanda wa matenda ambirimbiri oti umachiza.

Paketi yachiwiri ndinakagulabe konko chifukwa mayi azolowera phala lake. Ndinamuuza mtsikana uja mwaulemu kuti chemwali, zoti anthu asiye mapilisi musamanene, wina adzaduka mwendo kapena kuwonongeka impso chifukwa cha mawu amenewo. Anangoti ndi zomwe abwana anatiuza kuti tizinena. Ufa ndikuupatsa 4 pa 5, shopuyo 2, ndipo Lachinayi likubwerali ndikuwaperekeza mayi ku kiliniki kukatenga metformin wawo, kope lija lili m'manja.