Kabokosi ndi kabwino, koma bwezerani foda ya zitsanzo imene munachotsa

Ndapereka nyenyezi 3 pa 5 kwa kabokosi ka netiweki kamene ndinagula kuti kalumikize ofesi yathu ku intaneti. Ndikanalemba pa nthawi imene ndinkakangana ndi bambo wina wa ku support (gulu la ogulitsawo lothandiza makasitomala), ikanakhala imodzi basi.

Kabokosi kenikeniko ndilibe nako chifukwa. Sikatentha, kalibe fani ndiye sikasokosera, ndipo madoko ake onse a netiweki amagwira bwino. Kanabwera kali kale ndi OpenBSD, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, monga analonjeza, ndipo n'chifukwa chake ndinalolera mtengo uja, pamodzi ndi ndalama ya chithandizo cha chaka imene amakukakamizani kuwonjezera. Chimene chinandipsetsa mtima n'chimodzi: ogulitsawa anachotsa foda ya /etc/examples m'makina amene amatumiza, ndipo sananene paliponse kuti achita zimenezi.

Amene amagwiritsa ntchito OpenBSD akudziwa kufunika kwa foda imeneyi. Kuyambira pa OpenBSD 5.6, imene inatuluka mu 2014, mafayilo achitsanzo okonzera makina amakhala mmenemo: pf.conf, sysctl.conf, dhcpd.conf, httpd.conf, relayd.conf ndi ena. Umatenga imene ukufuna, n'kuikopera ku /etc, kenako n'kusintha mizere yochepa kuti igwirizane ndi netiweki yako. Chopweteka n'chakuti pf.conf (fayilo ya malamulo a firewall) imene anaisiya m'kabokosimo idakali ndi kamzere kake ka pamwamba kokuuza kuti uone pf.conf(5), tsamba lake la malangizo lotchedwa man, komanso /etc/examples/pf.conf. Ukapita kumeneko, kulibe kanthu.

Ntchito imene ndinagulira kabokosika ndi yodziwika: kakhale chipata pakati pa makompyuta a mu ofesi ndi intaneti, ndi firewall yake yotchinga zosafunika kudutsa. M'malo mwa zitsanzo zija anatipatsa buku lawo la PDF. Bukulo ndi lalitali ndithu, likutchula liwu lililonse la pf (firewall ya OpenBSD) palokhapalokha ndi tanthauzo lake, koma mulibe fayilo ngakhale imodzi yathunthu yoti munthu aone mmene zinthuzi zimalumikizirana. Pa nkhani ya NAT, njira imene makompyuta onse a mu ofesi amatulukira pa intaneti ndi adiresi imodzi, pali kamzere kamodzi kokha, koyamba ndi "nat on". Ndinakalemba monga kalili, n'kuyesa ndi pfctl -nf /etc/pf.conf, ndipo makina anakana, akuti kalembedwe (syntax) ndi kolakwika.

Ndinatsegula tikiti ya dandaulo ku support. Yankho la bambo uja linali lakuti ndilembe mosamala, mwina ndadumpha chilembo. Ndinawatumizira chithunzi cha tsamba la buku lawo pamodzi ndi cha fayilo yanga, kuti aone okha kuti n'zofanana chilembo ndi chilembo. Anabwerezanso zomwezo, n'kuwonjezera kuti makasitomala ena sadandaula. Chonsecho kalembedwe ka "nat on" ndi "rdr on" kanachotsedwa mu OpenBSD pa 4.7, mu 2010. Masiku ano umalemba lamulo la match kapena pass lokhala ndi nat-to kumapeto. Munthu wolandira malipiro pothandiza anthu pa makina amenewa sakudziwa chinthu chimene chinasintha kalekale chonchi, n'kumaloza chala kasitomala. Zinandiwawa kwambiri.

Kalembedwe katsopanoko ndinakapeza m'tsamba la man la pf.conf. Malamulo analowa bwinobwino popanda dandaulo lililonse. Koma intaneti osadutsa. Kabokosiko pakokha kankafika kunja, ping (yoyesera ngati uthenga ukufika) ikuyankha, makompyuta a mkati akulandira ma adiresi awo, koma pakati pa mbali ziwirizi panalibe chodutsa. Vuto la mtundu umenewu ndi lozunza chifukwa palibe uthenga wa cholakwa woti uufufuze. Zonse zikuoneka zolongosoka, anthu mu ofesi akukuyang'ana, iwe ukungowerenga malamulo omwewo mobwerezabwereza. Ndinalemberanso a support. Yankho: werengani buku.

Chinandipulumutsa n'chakuti ndinakatenga mafayilo a OpenBSD yeniyeni ya mtundu womwewo, n'kutulutsamo foda ija. Nditangotsegula sysctl.conf yachitsanzo, mzere unali pomwepo chapamwamba: net.inet.ip.forwarding=1, wotsekedwa ndi chizindikiro cha #, ndi kamawu kofotokoza pambali pake kuti ndiwo umalola makina kudutsitsa mapaketi a IPv4. OpenBSD imabwera itatseka zimenezi dala, chifukwa si kompyuta iliyonse imene iyenera kukhala rauta. Ndinachotsa # uja, n'kuika fayiloyo m'malo mwake, n'kuzimitsa ndi kuyatsanso kabokosiko, ndipo ofesi yonse inalowa pa intaneti. Buku la ogulitsa silitchula mzere umenewu ngakhale kamodzi.

Apa m'pamene pagona nkhani yanga. Masamba a man a OpenBSD ndi abwino zedi, sindingawanyoze. Koma tsamba lililonse limafotokoza chinthu chake: la pf.conf likunena za malamulo a firewall, za forwarding zili kwina ku sysctl, za ma adiresi zili ku dhcpd.conf ndi hostname.if. Kuti upite ku tsamba loyenera uyenera kudziwa kale dzina la chimene ukusowa, ndipo munthu amene wakakamira nthawi zambiri dzinalo ndi limene sakulidziwa. Fayilo yachitsanzo imakuyalira pamaso zinthu zimene anthu amasintha kawirikawiri, ndiye diso limagwera pa chimene sunadziwe kuti uyenera kufunsa. Zili ngati kupatsidwa njerwa, matabwa ndi malata, chilichonse ndi pepala lake lofotokoza, koma osaonetsedwa nyumba yomangidwa kale.

Wina anganene kuti zitsanzo zadzaza pa intaneti. Zilipodi, koma zambiri sizinena kuti zinalembedwera mtundu uti wa makina. Zina ndi za FreeBSD, m'bale wake wa OpenBSD, kumene pf imalandirabe "nat on", zina ndi zakale kuposa 2010, ndipo zonse zimaoneka zolondola mpaka utaziyesa. Ubwino wa zitsanzo zobwera ndi makina ndi wakuti amene amasintha pulogalamu ndi omwenso amasintha chitsanzocho, choncho zimayendera limodzi. Ena amachitanso chimodzimodzi: FreeBSD ili ndi /usr/share/examples, ndipo pa Debian mapulogalamu ambiri amaika zitsanzo zawo pansi pa /usr/share/doc. Si chinthu chachilendo choti wogulitsa angachione ngati zinyalala.

Kunena chilungamo, mkwiyo wanga unatsika tikiti itafika kwa mayi wina wa m'gulu lawo lomwelo. Iwowa anawerenga zonse kuyambira pachiyambi, anavomera mosazungulira kuti mzere wa m'buku uja ndi wakale, n'kupepesa. Kenako anapempha pf.conf yanga yonse ndipo anaibweza ataikamo ndemanga pa mzere uliwonse. Anandikumbutsa kuti mu pf lamulo lomaliza kugwirizana ndi paketi ndi limene limapambana, pokhapokha lina litakhala ndi liwu la quick, motero block imene ili pansi ikhoza kufafaniza pass imene ili pamwamba. Anandilangizanso kuti chitsanzo ndisamachimeze chonse: nditsegule tsamba la man pambali, mzere umene sindikuumvetsa ndiufufuze kaye ndisanausiye m'fayilo, makamaka pa firewall pamene mzere umodzi ukhoza kutsegula khomo limene sumafuna. Ndikugwirizana nawo kotheratu. Chitsanzo chimakusonyeza poyambira, tsamba la man limakuuza chifukwa chake, ndipo ndimafuna zonse ziwiri. Nyenyezi yachiwiri ndi yachitatu ndi za mayi amenewa komanso za kabokosiko.

Nditawafunsa chifukwa chimene fodayo inachotsedwera, anati amene amakonza makina otumiza kwa makasitomala ankafuna kuchepetsa malo pa disiki. Chifukwa chimenechi sindikuchilandira. Amenewa ndi mafayilo a zolemba chabe, aang'onoang'ono kwambiri, ndipo buku lawo la PDF lija ndi lalikulu kuposa onsewo pamodzi.

Pambuyo pake ndinaika katsamba ka mkati mwa ofesi ndi httpd, pulogalamu yoonetsera masamba a webu, pogwiritsa ntchito chitsanzo cha m'foda yomweyo, ndipo httpd -n inavomera popanda vuto.

Ngati mukugula, mukangolowa koyamba lembani ls /etc/examples. Mukapeza mulibe kanthu, katengeni fodayo ku OpenBSD ya mtundu wofanana ndi wa m'kabokosimo musanayambe chilichonse, ndipo gawo la NAT la m'buku lawo mulidumphe. Mayi aja anati nkhaniyi aipereka kwa akuluakulu awo. Ndalama ya chithandizo cha chaka chamawa sindilipira mpaka nditaona kuti fodayo yabwerera ndipo bukulo lakonzedwa.