Patatha miyezi 9: driver wa DMA amene amati waima asanaime

Invoisi ya chithandizo cha chaka chachiwiri yochokera kwa wogulitsa board yathu yafika sabata ino, ndiye ndemanga ija ndinalemba miyezi 9 yapitayo ikufunika kukonzedwa. Ndinati board ndi yabwino, driver wakenso (code yoyendetsa chipangizocho mu kernel ya Linux) ngwaukhondo. Za board sindisintha mawu. Za driver ndinafulumira kuyamikira.

Kwa amene sanawerenge yoyambayo: ndi board ya Cortex-A53 yokhala ndi FPGA (chip yomwe dera lake limakonzedwa ndi pulogalamu), m'kati mwake muli DMA controller ya wogulitsa, chipangizo chosamutsa deta mosadzera pa CPU, yomwe imatenga deta ku ADC (chosandutsa signal kukhala manambala) n'kukaiika mu RAM kudzera pa AXI, njira yodutsamo deta m'kati mwa chip. Driver amabwera ndi source yake ya GPL, ya kernel 5.15, yomangidwa pa dmaengine ndi virt-dma, zigawo za kernel zothandiza ma driver a DMA.

Zoyenda bwino sizifuna mawu ambiri. dma_set_mask_and_coherent() ili mu probe, ndipo yankho lake limayang'anidwa. Ma descriptor, timalangizo touza controller deta yoti isamutse, amachokera mu dma_pool, amapemphedwa ndi GFP_NOWAIT, choncho prep, function yowakonza, siyesa kugona (kuima n'kudikira) pomwe kugona n'koletsedwa. dma_wmb() ili pamalo pake, bit yopereka descriptor kwa controller isanalembedwe. CONFIG_DMA_API_DEBUG ndi lockdep, zida za kernel zofufuzira zolakwika, sizinadandaule kalikonse. Liwiro la deta ndi lomwe analonjeza.

Vuto ndi limodzi, koma ladya masabata. Makina amatha kugwira masiku angapo ali bwinobwino, kenako kernel n'kugwa pamalo osakhudzana n'komwe ndi DMA: lero mu network, mawa mu filesystem. Munthu ukaona zotere umayamba kukayikira RAM kapena magetsi. Chimene chinaulula chinali chakuti kugwaku kumachuluka pulogalamu yojambula deta ikamatsekedwa n'kutsegulidwa pafupipafupi. Ikangosiyidwa ikuyenda, palibe chochitika.

KASAN, chida cha kernel chogwira zolakwika za memory, apa sithandiza, ndipo musataye nayo usiku. Iyo imaona zimene CPU ikuwerenga ndi kulemba, pamene wolakwa pano ndi controller yomwe imalemba mu RAM mosadzera pa CPU. dmatest, module yoyesera DMA, nayonso imapambana mayeso onse, chifukwa ntchito yake ndi kukopera deta mpaka kumapeto n'kuyerekeza. Kudula transfer pakati si chizolowezi chake. Chinagwira wakubayo ndi slub_debug=FZP, njira ya kernel yoyang'anira ngati memory yomasulidwa yalembedwanso. Memory yomasulidwa imadzazidwa ndi 0x6b, ndipo mu log munatuluka "Poison overwritten" pa kmalloc-4k. Pamalo pa 0x6b panali manambala a ADC, okwana mabayiti 128 ndendende. Burst ya controller imeneyi, deta yomwe imatumiza ulendo umodzi, ndi ma beat 16 a mabayiti 8. 16 kuchulukitsa ndi 8, ndi yomweyo 128.

Mukatsegula device_terminate_all ya driver uyu, chifukwa chake chili poyera. Imalemba bit yoimitsa channel, imamasula ma descriptor onse, n'kubwerera nthawi yomweyo ndi 0. Koma pa AXI, burst ikayamba siidulidwa; iyenera kutha. Choncho controller imakhala idakali ndi deta m'njira pamene driver wanena kale kuti zonse zaima. Wogwiritsa ntchito channel amachita dma_unmap_single() ndi kfree(), memory ija imapatsidwa wina, kenako mabayiti otsalawo amafika n'kugwera pa katundu wa eni ake.

Pali msampha wina umene ngakhale odziwa amakodwa nawo. Client wathu, code yathu yogwiritsa ntchito channel, amaitana dmaengine_terminate_sync(), monga momwe malamulo a dmaengine amanenera, ndiye aliyense ankaganiza kuti kudikira kulipo. Koma function imeneyi imangodikira ngati driver ali ndi device_synchronize. Ngati palibe, imadutsa mwakachetechete, popanda chenjezo lililonse. Driver wa wogulitsayu analibe. Powerenga code ya DMA controller iliyonse, yambani ndi grep ya device_synchronize. Ikasowa, funsani kuti akudikira pati.

Kukonza kwake ndi mizere yosakwana 40. Mu terminate_all, mutagwira spin_lock_irqsave() ya vchan, lembani bit yoimitsa, yambani mwatola ma descriptor omwe sakuyenda ndi vchan_get_all_descriptors(), kenako descriptor yomwe ikuyenda muipereke kwa vchan_terminate_vdesc() m'malo moimasula, ndipo otoledwawo muwamasule mutasiya loko. Musadikire m'menemo, chifukwa terminate_all ikhoza kuitanidwa pamalo osaloledwa kugona. Kudikira kupite mu device_synchronize: readl_poll_timeout() pa bit yosonyeza kuti channel yaimadi, kenako vchan_synchronize() kuti tasklet ya callback nayo ithe. Nthawi ikatha channel isanaime, lembani dev_err n'kuchita reset, osati kungopitirira ngati zili bwino. Poyesa, lembani script yotsegula ndi kutseka kujambula kambirimbiri deta ikuyenda pa liwiro lonse, slub_debug ili yoyatsa. Ngati chip yanu ili ndi IOMMU, mlonda wa memory yomwe zipangizo zingalembemo, iyatseninso poyesapo mu strict mode. Kulemba kochedwako kumasanduka fault yooneka mu log m'malo mowononga mobisa.

Muli m'menemo, onaninso remove. Driver uyu amagwiritsa devm_request_irq(), kenako mu remove amachita tasklet_kill() interrupt isanamasulidwe, kutanthauza kuti interrupt ikhoza kudzutsanso tasklet module ikuchotsedwa. devm_free_irq() iyenera kutsogola. Chimenechi sichinatigwetsepo, koma ndi mwayi chabe.

Tsiku limene patch yathu yokonza vutoli inagwira ndinali wokonzeka kuwakhululukira ogulitsawa. Code yawo ndi yowerengeka, ndipo pakanakhala kuti anatipatsa binary yokha, bwenzi tikusinthabe ma RAM mpaka pano. Koma ndikayang'ana invoisiyi mtima umabwerera. Lipoti loyamba, lokhala ndi log yonse, analiyankha patatha masabata atatu kuti vuto lili kwa client wathu. Titatumiza patch anangoti zii. Mu release yotsatira patch ija inalimo, koma mu changelog munalibe mawu alionse onena kuti memory imawonongeka, ndiye makasitomala ena omwe adakali pa release yakale sadziwa kuti akufunika kusintha. Za kernel yatsopano akuti tidikire. Pa 6.12 driver uyu samangika n'komwe, poti kuyambira 6.11 remove ya platform driver sibwezanso int.

Ndalama ya chithandizoyi ndi ya madola, ndipo chimene yagula chaka chino ndi imelo imodzi yotiloza chala. Board ndikhoza kugulanso ina mawa. Invoisi iyi yokha sindilipira pokhapokha alembe pa pepala tsiku lotulutsa driver wa 6.12, kapena amutumize ku dmaengine ya mainline, komwe Vinod Koul, woyang'anira gawoli, ndi anzake angamuwerenge mzere ndi mzere. Ndawalembera zimenezi Lachiwiri.