Chimanga chamakolo ndi cha haibulidi pamaso pa anankafumbwe ndi chuku

Mlimi wa ku Kasungu akamasankha mbewu amayamba waganizira zokolola, ndipo apa haibulidi amaposa chimanga chamakolo kutali, makamaka feteleza akapezeka. Zinthu zimatembenuka chimangacho chikalowa m'nkhokwe. Chamakolo chili ndi njere zolimba zimene anankafumbwe amavutika kuboola, ndipo makoko ake amaphimba chimanga mpaka kunsonga, kotero kuti madzi a mvula ndi mbozi sizilowa msanga. Mitundu ina ya haibulidi imasiya nsonga pamtunda, ndipo pamenepo ndi pomwe chuku chimayambira, chomwe poizoni wake wa aflatoxin amawononga chiwindi ndipo satha ngakhale nsima itapsa bwanji. Wodzala haibulidi ayenera kuumitsa chimanga chake mokwanira asanathire mankhwala ophera anankafumbwe a Actellic. Chamakolo chimapirira ndithu, kungoti sichidzaza nkhokwe.